Apongozi nsima ikuwaima pachifuwa, kuchipatala akuti ndi zilonda zam'mimba

Nangozo: Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Apongozi anga aamuna, a zaka 63, amakhala kumudzi ku Ntcheu, akhala akuvutika kumeza kuyambira nthawi yokolola ija. Poyamba anangosiya nyama, ati mano. Pano ndi nsima yomwe akuchita kuitsitsa ndi madzi, mbamu iliyonse kapu ili pambali. Kuchipatala chaching'ono chakwathuko akuti ndi zilonda zam'mimba, ulendo uliwonse akungobwerako ndi omeprazole ndi magineziyamu wotafuna uja. Bambo akunyumba akuti tidikire mankhwalawo agwire ntchito. Ine mtima sukukhazikika. Alipo anaonapo zotere?

Mayi a Tamanda: Pepani asisi. Ayeseni uchi ndi mandimu m'madzi ofunda, m'mawa asanadye kanthu. Agogo anga zinawathandiza pakhosi.

Che Jafali: Chilungulira chimenecho. Asiye zokazinga ndi tsabola, ndipo usiku asamagone atangodya kumene.

Bambo a Yankho: Tisabisane pano. Munthu wamkulu kumudzi, chakudya kuima pakhosi, mankhwala akuchipatala osagwira. Munawafunsa kuti anakadya kuti zisanayambe? Pamaliro, paukwati? Anthu amadyetsana.

Gondwe: Mayi Nangozo, ine ndine clinical officer, odwala otere ndimakumana nawo kawirikawiri. Matenda sindingakuuzeni pafoni, koma pali mafunso amene amatilozera kolowera. Loyamba ndi loti vutolo lili pati. Pali anthu amene chimawakanika ndi kuyamba kumeza kumene: chakudya chikadali m'kamwa, akati ameze amatsamwa, kutsokomola, mwina madzi kutulukira m'mphuno. Pamenepo timaganizira mitsempha ndi minofu ya pakhosi, monga zimakhalira ndi munthu amene anachita sitiroko kapena wa matenda a Parkinson. Ena amameza bwinobwino, koma pakapita kamphindi amamva kuti chaima m'njira, kuseri kwa fupa la pachifuwa. Apo nkhani ili mu njira ya chakudya, ija imachoka kukhosi kukafika m'chifu, yotalika pafupifupi masentimita 25.

Ndiye mufunsenso izi. Chimaima ndi cholimba chokha kapena ndi madzi omwe, ndipo chinayamba ndi chiti? Zikukulirakulira, kapena lero amadya bwino mawa ayi? Pomeza pamawawa kapena chimangoima osawawa? Thupi latsika? Mawu asintha?

Nangozo: Zikomo adokotala. Zambiri sindingayankhe panopa. Mukudziwa mwambo wathu, ine ndi apongozi aamuna sitidyera pamodzi, ndipo kuwapanikiza ndi mafunso sindingathe. Zimene ndalembazi ndinazionera patali tili kumudzi. Ndiimbira apongozi aakazi madzulo ano, ndi iwo amene amachotsa mbale.

Gondwe: Afunseni iwowo basi. Azibambo ukawafunsa amangoti "ndili bwino, ndi manowa." Muwafunsenso ngati lamba wa thalauza waboolewa mabowo atsopano.

Sister Nyirenda: Ndikulemba kuchokera ku Leeds, ndine namwino. Kuno ku England malangizo a madokotala amati munthu wamkulu aliyense amene chakudya chikumuima, kaya ali ndi zaka zingati, atumizidwe mwachangu kukaunikidwa ndi kamera yolowetsa m'njira ya chakudya. Sayamba adikira kuti tione ngati omeprazole agwire. Chonsecho khansa ya kummero kuno ndi yochepa poyerekeza ndi kwathu. Ambiri amene timawaunika amapezeka ndi zina: chipsera cha asidi, kapena kutupa kwa m'njiramo kumene kumagwira makamaka anyamata amene ali ndi mphumu kapena ziwengo, aja nyama imawaima mwadzidzidzi ali patebulo. Koma amaunikidwa kaye, dzina la matenda limabwera pambuyo.

Che Jafali: Sister mwatchula asidi. Ndiye ine sindinaname.

Gondwe: Simunaname Che Jafali, koma mwafulumira. Chilungulira cha zaka zambiri chimawotchadi kumunsi kwa njira ija, pochira pamakhala chipsera, njira n'kuchepa. Zimenezo zimayenda pang'onopang'ono, munthu amakhala ndi mbiri yaitali ya kutentha pamtima, ndipo kawirikawiri saonda kwambiri. Pamene zilonda zam'mimba zenizeni zimawawitsa pamimba, sizitseka njira ya nsima pachifuwa. Choopsa ndi chakuti omeprazole amachepetsa kutentha, munthu n'kumaona ngati akupezako bwino, chotseka njira chija chili pompo.

Nachisale: Ndiloleni ndifotokoze zanga, mwina zithandiza wina. Ine vutoli linandiyamba ndili mtsikana, ndipo ndinakhala nalo zaka zambiri osadziwa dzina lake. Kwa ine madzi ndi nsima zinali chimodzimodzi kuyambira pachiyambi, ndipo madzi ozizira ndi amene ankanyanya. Ndikamadya ndinkaimirira, kukweza manja, kuyendayenda m'nyumba mpaka ndimve kuti chadutsa. Usiku ndinkadzuka pilo atanyowa ndi chakudya chamadzulo, chosagayika, chosawawasa n'komwe, chifukwa m'chifu chinali chisanafike. Kunyumba ankati ndimadzipangitsa, ena ankati ndi mizimu. Nditabwera ku Johannesburg anandimwetsa madzi oyera aja a barium n'kundijambula. Njira inaoneka yofufuma kumtunda, kumunsi yosongoka ngati mlomo wa mbalame. Kenako anandilowetsa kamera, sanapeze chotupa. Pomaliza anandilowetsa kachubu kudzera m'mphuno koyeza mphamvu ya minofu pomeza, ndi pamene anati ndi achalasia: mnofu wa pakhomo la chifu sumasuka chifukwa timitsempha touuza kuti utseguke tinafa. Anandichita opaleshoni yodula mnofuwo. Pano ndimadya, ngakhale ndimatafuna nthawi yaitali kuposa anzanga. Ndiye asisi musataye mtima, si onse ndi khansa.

Gondwe: Mwafotokoza bwino kuposa buku, mayi Nachisale. Anzanga onani kusiyana kwake. Madzi ndi zolimba kuvuta limodzi kuyambira pachiyambi, zaka n'kumapita, kawirikawiri ndi minofu imene siyikukankha bwino. Zolimba kuyamba, kenako zofewa, madzi kumapeto, pamenepo pali chimene chikuchepetsa njira. Onaninso kuti iwowa kamera anawalowetsabe, chifukwa chotupa cha pakhomo la chifu chimatha kuoneka chimodzimodzi pachithunzi.

Nangozo: Ndabwerako. Ndalankhula ndi apongozi aakazi, zimene andiuza zandifooketsa. Akuti kutsamwa satsamwa, amameza bwino koma chimakaima pakati pa chifuwa, amalozapo ndi chala. Nthawi zina amatuluka panja kukachibweza, chimatuluka mmene anachimezera ndi malovu ambiri. Nsima pano amawaphikira yawoyawo yofewa, mbatata ndi chinangwa anasiya kalekale. Phala ndi thobwa zikudutsa. Kuwawa akuti ayi. Sizinayambe zabwererapo m'mbuyo, mwezi uliwonse chakudya china chimachoka pa mndandanda. Za lamba zija ndi zoona, anaboola okha ndi msomali. Usiku akugona ndi kachitini pambali kolavulira. Mawu ali bwino. Fodya wopichira ankasuta anasiya, kachasu amamwa mwa apo ndi apo.

Gondwe: Zikomo mayi. Ndilankhula mosazungulira chifukwa nthawi ikupita. Bambo wa zaka 63, zolimba kuyamba n'kumatsikira ku zofewa m'miyezi yochepa, osabwerera m'mbuyo, thupi likutsika, malovu akuchuluka: ameneyu akufunika endoscopy, kuunika ndi kamera kuja, ndipo osati chaka chamawa. Choyamba chimene tiyenera kuonetsetsa kuti chilipo kapena palibe ndi khansa ya kummero. Sindikunena kuti ndi imeneyo. Chipsera cha asidi chimatheka, timabulu ta TB ta m'chifuwa tikatupa timatha kupanikiza njira kuchokera kunja, zilipo ndi zina. Koma palibe amene angazisiyanitse ndi maso kapena ndi choyezera pachifuwa. Kusawawako kusakupusitseni, chotupa cha mmenemu nthawi zambiri poyamba sichiwawa.

Mayi a Tamanda: Koma adokotala, mawu amenewo mpaka kuwatchula pagulu? Mwamuopseza mwana wa eni. Lilime lili ndi mphamvu.

Nabanda: Amayi a Tamanda, ine ngati admin ndikuti asiyeni anene. Malume anga tinawanyengerera ndi "ndi maalsa" mpaka tsiku limene madzi anakana. Pofika kuchipatala chachikulu anali oti kuwanyamula.

Gondwe: Ndikumvetsa amayi. Koma ndikapanda kulitchula, banja lidikirabe omeprazole. Njira ija imatanuka, ndiye munthu sayamba kumva kuti nsima ikuima mpaka mpata utachepa kwambiri. Kutanthauza kuti tsiku limene anasiya nyama, vutolo linali litayamba kale.

Aphunzitsi Zimba: Funso langa ndi lapambali pang'ono. Bwanji matendawa akuchuluka chonchi kwathu? Kumudzi kwathu ndikuwerenga anthu angapo amene anapita nawo, ena amayi a mvano oti mowa sanaulawepo.

Sister Nyirenda: Aphunzitsi, si kumudzi kwanu kokha. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Pali chigawo chonse chochokera ku Ethiopia, kudutsa Kenya, Tanzania, kwathu, mpaka ku Eastern Cape ku South Africa kumene ili yofala. Bungwe la IARC, la kafukufuku wa khansa pansi pa WHO, lakhala likufufuza nkhaniyi ku Eldoret, ku Moshi ndi ku Blantyre. Zimene zimaganiziridwa ndi zingapo pamodzi: fodya, mowa waukali, utsi wa nkhuni m'khitchini mopanda mawindo, mano osasamalidwa, ndi zakumwa kapena phala lotentha kwambiri. Mu 2016 bungwe lomwelo linanena kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikuoneka kuti zingayambitse khansa ya kummero. Ndiye mayi wa mvano amene wakhala pa mafuwa moyo wake wonse sali kutali nazo.

Che Jafali: Tsono tiyi naye walakwa? Tiyi wozizira ndi wa odwala, Sister.

Sister Nyirenda: Sindinati wozizira Che Jafali. Kungomudikira pang'ono aleke kuwotcha milomo. Inu aja mumamwa chikho chikuchita nthunzi n'kumapemerera ndi mluzu.

Aphunzitsi Zimba: Tibwerere kwa odwala. Ndamva kuti barium uja amajambula m'zipatala zina zolipira, ndipo sachita kudikira tsiku. Bwanji asangoyamba ndi ameneyo? Kamera anthu amaiopa.

Gondwe: Barium ali ndi ntchito yake. Munthu amamwa madzi oyera okhuthala, akumujambula X-ray, ndiye timaona mmene njira yakhalira: pamene yachepa, kutalika kwa malowo, ngati m'mbali mwake ndi mosalala kapena mokumbikakumbika, ngati pali kathumba kosunga chakudya. Kumene kulibe kamera amathandiza kuti odwala atumizidwe msanga. Koma chithunzi sichinena kuti nyamayo ndi ya mtundu wanji. Mukajambula n'kuona pochepa, mudzapitabe ku kamera, ndalama ya thiransipoti mwaidya kale. Komanso timatupa tating'ono barium amatha kutiphonya. Kamera imaona ndi maso, imatenga kanyama kokapima ku labu, ndipo ngati ndi chipsera chabe amatha kukuza njirayo pomwepo. Kwa bambo awa, ngati ndalama ndi ya ulendo umodzi, ulendowo ukhale wa kamera. Chinanso, munthu amene amatsokomola nthawi iliyonse akamwa madzi asamwe barium asanamuuze dokotala, chifukwa mwina njira ya chakudya yabookera m'njira ya mpweya.

Za mantha, ntchito yake ndi ya mphindi 10 kapena 15. Amapopera mankhwala ochititsa dzanzi kukhosi, munthu amagona chammbali, kachubu kake kukula ngati chala chaching'ono. Kusowetsa mtendere kumasowetsa, amachita ngati asanze, koma kupuma amapuma bwinobwino chifukwa sikadutsa njira ya mpweya.

Bambo a Yankho: Apo ndiye pamene ndimakanira ine. Akangodula kanyamako matenda amalusa. Tonse tikudziwa anthu amene anapita akuyenda okha, atawadula sanathe miyezi itatu.

Gondwe: Bambo a Yankho, anthu amenewo ndikuwadziwa nanenso, ena ndinawalembera ndekha kalata. Koma funsani kuti anafika liti. Ambiri amabwera phala litayamba kale kukana, atazungulira kwa asing'anga ndi kumapemphero miyezi yambiri. Chimene chimawatenga ndi matenda amene anali atakula kale. Kanyama kamene amatenga ndi ka mamilimita awiri kapena atatu, sikafalitsa khansa. Popanda iko dokotala sangayambe chithandizo cha khansa, ndipo sangadziwe ngati ndi TB kapena china chochizika. Kupemphera pempherani, palibe akuletsa, koma muzipemphera muli pa mzere.

Nabanda: Ndiwonjezere apa. Ngakhale zitapezeka kuti ndi zomwe tikuopazo ndipo zapita patali, pali kapaipi kamene amaika m'njiramo, stent, munthu n'kuyambanso kumeza phala ndi nsima yofewa. Malume anawaika kapaipiko mochedwa koma anadyako masiku awo omaliza. Kusiyana ndi kumuyang'ana munthu akufa ndi njala nkhokwe ili yodzaza.

Mlongo wanu: Ndifunse nawo, dzina ndabisa dala. Ine chakudya sichiima kwenikweni koma pomeza pamawawa kuyambira kukhosi mpaka pachifuwa, ngakhale madzi. Lilime ndi m'masaya muli zoyerayera. Kodi ndi zomwezi?

Gondwe: Mlongo, zanu zikumveka zosiyana. Kuwawa pomeza pamodzi ndi zoyera m'kamwa kawirikawiri ndi fangasi, candida, amene watsikira kummero. Amabwera chitetezo cha m'thupi chikatsika. Pitani mawa lomwe, akakuyezeni HIV ngati simunayezetse posachedwa, ndi shuga yemwe. Ngati muli kale pa ma ARV kauzeni a ku kiliniki yanu, angafune kuona viral load. Mankhwala ake ndi fluconazole, pafupifupi milungu iwiri, ndipo ambiri amayamba kupeza bwino m'masiku ochepa. Mukamaliza koma osasintha, inunso ndi wa kamera, chifukwa pali zilonda zina za mavairasi zimene fluconazole sagwira. Ndikufunseninso: simunamwe doxycycline posachedwa? Kapisozi ameneyu ukameza wopanda madzi okwanira n'kugona, amamatirira m'njira n'kuwotcha.

Ndipo mayi Nangozo, apongozi nawonso ayezedwe magazi. Koma akapezeka ndi zoyera m'kamwa wina asatseke nkhani kuti ndi fangasi basi. Fangasi amakonda pamene chakudya chikuima, ndiye ziwirizi zimatha kukhala pamodzi.

Mlongo wanu: Zikomo adokotala, ndamva.

Nabanda: Amayi opanga sopo muli pagulu pano, soda uja musamasunge m'mabotolo a Sobo. Ameneyo akamwedwa mwangozi, zilonda zimachira koma pakatha milungu ingapo njira imayamba kutsekeka. Munthu amatha kubwera patapita nthawi yaitali ataiwala n'komwe kuti anamwapo.

Nangozo: Ndamva zonse. Tsono tiyambire pati? Kumene akhala akupitako akangoona kabuku amalemba zomwe zija.

Gondwe: Pitani nawo ku chipatala cha boma, ndipo apite ndi munthu wolankhula, asalowe okha. Musayambe ndi kunena kuti "m'mimba" kapena "pamtima pakutentha," mukatero mubwerako ndi magineziyamu. Nenani motere: chakudya chikuima pachifuwa, zinayamba ndi nyama nthawi yokolola, pano nsima ikukana, aonda, omeprazole amwa sanathandize, tikupempha kalata yokaunikidwa ndi kamera. Pemphani kuti zimenezo zilembedwe m'kabuku ndipo awayeze sikelo. Kuunikaku kumachitika m'zipatala zazikulu, Kamuzu Central ku Lilongwe, Queen Elizabeth ku Blantyre, Zomba Central ndi Mzuzu Central. Musananyamuke, amene akulemberani kalatayo akuthandizeni kudziwa tsiku, musangokwera minibasi. Tsiku lounikalo asadye kanthu kwa maola osachepera 6, ndipo poti chakudya chimawatsalira m'njira, dzulo lake amwe zamadzimadzi zokha. Akatenga kanyama, funsani kuti zotsatira mudzazitenga kuti, liti, ndipo musiye nambala ya foni imene imagwira. Zimatenga milungu, ndipo mabanja ambiri amasochera pamenepa.

Podikira musawasiye pa thobwa lokha. Phala la soya kapena la mgaiwa lothira nsinjiro, mkaka, dzira, kamafuta pang'ono, losefa, pang'onopang'ono koma kangapo patsiku, atakhala tsonga. Koma tsiku limene madzi kapena malovu akana, kapena ayamba kutsokomola akamwa, kapena asanza magazi, musadikire tsiku lanu lija, pitani pomwepo.

Nangozo: Vuto latsala ndi bambo akunyumba. Ine ndikanena aziti mkamwana akulowerera za kwa eni.

Che Jafali: Atumizireni zimene alemba a Gondwezi awerenge okha. Kapena uzani alamu anu aakazi, mwana wamkazi akalankhula bambo ake amamva.

Aphunzitsi Zimba: Ndipo mwini mbumba adziwe msanga. Mukamutenga munthu kupita naye ku Lilongwe akuchimuna osadziwa, mlandu wake udzakhala wanu.

Nangozo: Ndiyamba ndi alamu anga a ku Balaka, ndi amene amamvana nawo.

Naphiri: Pepani ndachedwa kulowa, ndawerenga zonse. Amayi anga anachita sitiroko chaka chatha, mbali yakumanja inafooka. Iwo ndi zosemphana ndi za apongozi a anzathuwa: phala amadya bwino, koma madzi ndi tiyi amatsamwa nazo mpaka misozi, mawu n'kumamveka ngati muli madzi kukhosi. Agonekedwapo ndi chibayo. Nawonso ndi a kamera?

Gondwe: Mayi Naphiri, amenewo ndi gulu loyamba lija ndinanena. Njira yawo siyinatsekeke, koma minofu imene imatseka njira ya mpweya pomeza ikuchedwa, ndiye madzi poti amathamanga amalowera kumapapo. Chibayo chija n'kutheka chinachokera pamenepo. Kamera ya m'chifu si yoyamba kwa iwo. Akufunika awaone akumeza, dokotala kapena a fiziyo amene amathandiza odwala sitiroko, ndipo kumene zilipo amajambula X-ray ya kanema munthu akumeza. Kunyumba: azidya atakhala tsonga, osati chogona, pang'onopang'ono ndi supuni yaing'ono, osawalankhulitsa chakudya chili m'kamwa, ndipo akatha akhalebe tsonga kwa theka la ola. Muziyang'ana m'tsaya la mbali yofookayo, chakudya chimabisala mmenemo. M'kamwa muzitsuka m'mawa ndi madzulo, tizilombo ta m'kamwa ndi timene timakayambitsa chibayo.

Naphiri: Nanga madzi tiwaletse? Kunja kukutentha chonchi.

Gondwe: Ayi, musawaletse, angaume thupi. Yesani zakumwa zokhuthalako, thobwa losefa, mahewu, phala lamadzimadzi, muone ngati kutsamwa kukuchepa, ndipo muwapatse ndi supuni osati kugugudiza pakapu. Zikapanda kusintha, kapena thupi likatentha, abwerere kuchipatala sabata yomweyo mukanene kuti akutsamwa ndi madzi.